Mayi Amene Ndinawafufuta Ka 212

Anzanga, inu amene mwakhala mukundifunsa kuti a Chipewa ali kuti, werengani izi kamodzi, ndipo musandifunsenso.

Ndinakumana nawo Lolemba pa masitepe a ku ofesi kwathu. Masitepewo alipo 23. Iwo anali ataima pa nambala 9, chipewa pamutu, maikolofoni m'khwapa, akupumira m'mwamba.

"Dutsani mayi, injini yakalamba."

"Limbani, kwatsala 14."

"Mumawerenga masitepe?"

"Ndimawerenga chilichonse."

Anaseka mpaka kutsokomola, kawiri mwachidule, kachitatu motalika. Kuyambira tsiku limenelo ananditcha Mayi Masamu.

Ndili ndi zaka 64. Ndinataipa milandu kukhoti zaka 31, ndipo nditapuma ndinapeza ntchito pa kampani yophunzitsa kompyuta kumva. Cholinga n'choti munthu akamalankhula pafoni ali pamsika kapena m'basi, kompyuta izisunga mawu ake n'kutaya phokoso lonse. Koma siidziwa yokha, imaphunzira pa zitsanzo zikwizikwi. Ine ndimavala mahedifoni, kumvetsera tizidutswa ta masekondi khumi, n'kulemba kuti apa ndi munthu, apa ndi phokoso. A Chipewa ndiwo ankayendayenda kujambula tizidutswato.

Lamulo la ntchitoyo anandiphunzitsa ndi iwowo.

"Amene wayandikira maikolofoni ndiye munthu. Wolankhulira patali mulembeni kuti phokoso."

Anandiuza kuti akazi awo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ine abambo a ana anga anandisiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Tinamwa tiyi limodzi ka 47. M'miyezi isanu ananditumizira ma voice note 163.

"Mayi Masamu, mwadzuka bwanji? Nyumba ino yazizira, ndikungolankhula ndi khoma..."

Nkhalamba yanzeru zake ine ndinkamwetulira foni ngati mtsikana wa sekondale!

Ndinaitana ana anga atatu kuti Lamlungu abwere adzaone munthu. Wamkulu anandifunsa pafoni:

"Amayi, koma mwawafufuza?"

"Iwe, ndamva mabodza a anthu zaka 31. Usandiphunzitse."

Lachinayi masana ndinkamvetseranso ma voice note aja ndi mahedifoni a kuntchito, pofuna kungodzisangalatsa. Pamenepo m'pamene khutu linagwira kanthu. M'mauthenga 163 munalibe chitseko kulira, munalibe galu, munalibe ngakhale supuni kugwa. Nyumba yanji yotero? Mauthengawo anali atawatsuka ndi pulogalamu yathu yomwe.

Chipsera cha pulogalamuyo ndimachidziwa. Ikachotsa mawu a munthu wina kumbuyo, a wolankhulayo amapyapyala pang'ono, ngati akulankhulira m'chitini. Ndinawerenga malo oterowo. Analipo 58.

Ndinakumbukira tizidutswa 340 ta phokoso la m'khitchini, timene anati anajambula kwa aneba awo. Ndinatsegula tosatsuka, n'kukweza voliyumu mpaka mapeto. Kuseri kwa mbale ndi madzi kunamveka mawu a mayi:

"Bambo a ana, chotsani chimaikolofoni chanucho patebulo, ndiikepo mbale."

Kenako chifuwa. Kawiri mwachidule, kachitatu motalika.

"Malaya anu ndasita, ali pabedi."

Deti la kachidutswako linali la chaka chino.

Anzanga, mayiwo analankhula m'tizidutswa 212. Ndipo pa chilichonse panali chizindikiro changa, cholemba ine ndi dzanja langali: phokoso, phokoso, phokoso. Ndine amene ndinaphunzitsa kompyuta kuwafufuta, a Chipewa n'kutenga kompyutayo kudzandinamizira.

Lachisanu ndinawapeza m'chipinda chomwera tiyi, muli anthu asanu ndi awiri. Ndinawavula chipewa, n'kuwaveka mahedifoni. Masekondi khumi anakwanira.

"Ameneyo ndi mlongo wanga."

"Mlongo wanu amakuitanani kuti bambo a ana?"

"Mayi Masamu, tiyeni tikakambirane panja..."

"Ndiyankheni pano. Munthu womwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo akusita malaya?"

Wina anatsamwa ndi tiyi.

"Banja lija linatha kalekale, timangokhalira ana. Mayi aja n'kulongolola basi, phokoso lokhalokha."

"Phokoso likukusitirani malaya? Ndiye ine mukanatopa nane mukananditcha chiyani?"

"Tsitsani mawu, anthu akumva."

"Akumva? Kanditsukeni m'kompyuta mwanumo! Nkhalamba yopanda manyazi, imvi zimenezi munazipeza pa sale?"

Anatola chipewa chawo n'kutuluka. Masitepe onse 23 anatsika osapuma. Injini inali bwinobwino.

Lamlungu ana anabwera. Patebulo ndinali nditaika mbale zisanu monga ndinkaganizira sabata yonse, ndipo ndinachotsa imodzi iwo akuona. Wamkulu uja sananene kuti ndinakuuzani. Anangondithirira madzi m'kapu. Akanangonena, sizikanandipweteka chonchi.

Lolemba ndinapempha abwana athu, mayi injiniya wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, kuti tizidutswa 212 tija ndisinthe, ndilembe kuti munthu.

"Agogo, lamulo ndi lamulo. Mukasintha, kompyuta isokonezeka."

Sindinalimbane nawo. Pa nthawi yopuma ndinataipa mawu onse a mayi aja, mzere ndi mzere, monga ndinkachitira kukhoti. Anakwana masamba asanu ndi anayi. Sanatukwane paliponse. Sanalongolole. Ka 37 anafunsa funso limodzi: "Mankhwala a BP mwamwa?"

Ndinatsegula foni yanga n'kuwerenga. Funso lomwelo ine ndinawafunsa a Chipewa ka 41.

Ndiye inu amene mukulemba kuti agogo khululukani, chikondi sichikalamba, sungani malangizo anu. Munthu akakutumizirani mawu oyera mbee, opanda ngakhale supuni kugwa, musasangalale msanga. Funsani kaye kuti wachotsamo ndani.