Nkhuku za ba Phineas

Mlamu wanga ba Phineas atapuma nchito m'maofesi a boma ku Longacres, tonse tinkaganiza kuti azikhala pakhonde n'kumawelenga nyuzipepala ngati anzawo. Ayi ndithu. Anamanga khola kuseli kwa nyumba yawo ku Chelstone, pomwe mlongo wanga Betty ankayanika zovala, n'kulengeza kuti apanga mtundu wa nkhuku zakumudzi zazikulu zimene Lusaka yense sanazionepo. Munthuyu ngwanzelu, zimenezo sindikana. Kungoti nzelu zake ndi zija zofuna omvela, ndipo ine, poti ndimakonda tiyi wa kwa eni, ndinali womvela wamkulu.

Anakasankha nkhuku kumsika wa Soweto, zonenepa zokhazokha. Ankati chinsinsi nchosavuta: tambala wamkulu akwele thadzi lalikulu, ana akhale aakulu, adzukulu aposepo. Zikanathekadi, pakanapanda alendo.

Ba Phineas mlendo samulola kupita osamuphela nkhuku, ndipo samuphela nkhuku wamba. Akabwela abusa, amalowa okha m'khola n'kugwila yaikulu kuposa zonse. Akabwela abale ochokela ku Chipata, chimodzimodzi. Betty akati tiyeni tiphe kaja koyenda motsimphina, iwo amamuyang'ana ngati watukwana.

"Nibapase ba pasita nkhuku yoyonda? Bantu bazakamba chani ku tchalitchi?"

Motelo zazikulu zija zinatha imodziimodzi, zambili zisanasiye ndi mwana yemwe.

Chaka china m'kholamo munaswedwa kamwanapiye kopanda nthenga m'khosi. Make anali wabwinobwino, bambo ake wabwinobwino, koma iko khosi lofiila ngati lapsa ndi madzi otentha. Anakatcha Dazi. Betty anafuna kuitana anthu a mapemphelo. Mwana wawo Yande, amene amaphunzitsa sayansi kusekondale ku Kabwata, anatiseka mpaka misozi. Anati m'dzila muli malangizo amene mwana amatenga kwa makolo ake, ndipo nthawi zina pokopela pamalakwika pang'ono, mwana n'kutuluka ndi chinthu chimene kwawo kunalibe. Palibe mfiti, palibe tchimo, zimangochitika.

Dazi anakula wonyansa, ndipo anali chitsilu. Ankamenyana ndi chithunzi chake pagudumu la galimoto mpaka kutuluka magazi. Koma ndani angaike chinthu chotelo pamaso pa mlendo? Mpeni unkamudumpha nthawi zonse. Kutentha kwa Okutobala kutabwela, nkhuku zanthenga zambili zili wefuwefu, zina kufa kumene, iye khosi lili pamphepo ankangozungulila matadzi ngati kondakitala wa minibasi pofuna okwela. Posakhalitsa anapiye a makosi ofiila anali mbwee pabwalo.

M'kholamo munalinso thadzi lanzelu zoopsa. Linaphunzila kukwela padilamu, kuchoka apo pampanda, n'kukadya kwa aneba kenako kubwelela madzulo ngati lochokela kunchito. Kukhalila mazila linalibe nako nthawi. Tsiku lina linapita patali, minibasi n'kuliponda pafupi ndi msika. Silinasiye kamwanapiye ngakhale kamodzi.

Ba Phineas anadandaula kuti dziko ndi lokondela, lanzelu lafa, chitsilu chadzaza khola. Yande anati chilengedwe sichifunsa kuti unali ndi nzelu zochuluka bwanji, chimangoona kuti wasiya ana angati amene nawonso adzabeleka. Nzelu zimathandiza ngati zakusunga ndi moyo mpaka ubeleke, apo ayi ndi zako zokha basi. Ine amene sukulu inandikana msanga koma ana ndili nawo odzaza tebulo, ndinakhosomola. Mlamu wanga wa mwana mmodziyo sanandilankhule mpaka tiyi anatha.

Panatsala tambala mmodzi wa mtundu weniweni, wamkulu, wa nthenga zonyezimila, woyenda monyada. Ba Phineas anamutcha Kabulonga, dzina la dela la anthu olemela. Anamumangila kakhola kakekake, anamugulila matadzi atsopano oti afike kumapeto kwa mwezi, Dazi asawayandikile. Maloto onse a mdalayo anali pa tambala ameneyo, ndipo analumbila pamaso pa ine ndi Betty kuti olo abwele bishopu, Kabulonga sakhudzidwa.

Bishopu sanabwele. Anabwela a kwawo kwa Dingani, mnyamata wa ku Woodlands amene ankafuna kukwatila Yande. Dingani anatumiza mawu kuti amalume ake, ba Abednego, ndi mkazi wawo afika Lamlungu masana kudzaonekela.

Lamlungulo m'mawa ndinawapeza ba Phineas ataima pakati pa makhola awiliwo, mpeni uli m'manja. Ndinawauza kuti tikagule nkhuku yoyela ija ya m'filiji. Anati apongozi sadyetsedwa nkhuku ya m'pepala pomwe pakhomo pali khola. Ndinati nanga iphani mwana wa Dazi, akamusosola ndani adziwe? Anati iwo adziwa. Anaima pamenepo nthawi yaitali, ndipo ndinawamvela chisoni. Kenako anatsegula kakhola ka Kabulonga.

Betty anamuphika bwino, mlongo wanga pamenepo sagona. Alendo atasamba m'manja, ba Phineas anavundukula mbale okha, nthutumba ili pamwamba monga mwa ulemu wake, n'kuikankhila kwa ba Abednego.

Ba Abednego anayang'ana mbale ija, anayang'ana mkazi wawo, kenako anamwetulila mwaulemu kwambili.

"Ba tata, mutikhululukile. Dingani sanakuuzeni? Ise ndise ba Sabata, ndipo pa nyumba pathu nyama tinaleka kale. Ngati kuli kayela na chibwabwa, tizadya bwino maningi."

Betty anathamangila kukhitchini kukatenthetsa nyemba zadzulo. Dingani, amene anabwela nawo, anayang'ana pansi ngati wataya ndalama. Alendo anadya nyemba zija ndi masamba a maungu mpaka kunyambita zala, akuyamika kuti banja ili ndi laulemu. Nkhani ya ukwati inayenda bwino kwambili.

Atapita, ba Phineas anakhala pampando womwewo, mbale ya Kabulonga ili patsogolo pawo yosakhudzidwa. Matadzi atsopano aja anali m'njila, ndipo tambala wotsala pakhomopo tonse tinkamudziwa. Ndinakhala pafupi nawo, zoseka zitandithela. Patapita nthawi anatola nthutumba ija, anaiyang'ana, n'kuiika m'mbale mwanga.

"Idyani, mlamu," anatelo. "Ndimwe mlendo mwatsala."