Ku Newcastle Kukaonera Mwana wa Mnzanga Akusewera

Ndinatuluka m'nyumba mwathu ku Rotherham Lamulungu m'mawa kunja kusanayere bwino, nditavala majekete awiri. Mwamuna wanga anandiperekeza mpaka pakhomo pokha. Anati, "Mayi a Tako, ngati simukufuna kupita, ingowauzani anzanuwo kuti mwadwala." Ndinamuyankha kuti namwino sanamizira matenda, n'kumenyetsa chitseko.

Ndifotokoze kaye chimene chinkandiwawa. Mwana wanga Takondwa ali m'chaka chomaliza pa yunivesite ina ku Sheffield, ndipo amasewera mpira wa ku America, uja amavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati atonde. Mnzake amene anakulira naye limodzi, Yamikani, amasewera mpira womwewo pa yunivesite ina ku Newcastle. Mayi ake a Yamikani, a Nachisale, ndi mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Tinafika ku England chaka chimodzi, tinagonapo chipinda chimodzi, ndipo tonse ndife anamwino, iwo ku Wakefield, ine kuno.

Chaka chino timu ya Takondwa inagonja kamodzi kokha. Ya Yamikani nayonso inagonja kamodzi, ndipo amene anaigonjetsa ndi timu ya mwana wanga, ine ndikuona ndi maso angawa, mvula ikundinyowetsa. Koma masewero ena analephereka chifukwa mabwalo anauma ndi chisanu, choncho komiti ya ligi inakhala pansi kusanja matimu kuti anayi apamwamba alowe m'ndime ya chipulula. Anaika a Newcastle pa nambala folo, ife pa nambala faifi. Mpira wa mwana wanga unathera pomwepo, m'chipinda chimene sanalowemo. Ndiye a Nachisale n'kundiimbira foni kuti, "Achemwali, simungandisiye ndekha, tikaonere limodzi mwana wathu." Ndinavomera chifukwa cha manyazi.

Lamulungu mabasi amayenda ngati akukakamizidwa, moti ndinayenda wapansi mpaka pa siteshoni. Tikiti yopita ndi kubwera inandidya mapaundi 46. Ndili m'kasitima kakang'ono kopita ku Doncaster ndinamuimbira Takondwa, koma sanayankhe. Anali atandiuza kuti akakhala kwa anzake, ndipo ndinkamuona m'maganizo atadzitsekera m'chipinda, makatani otseka.

Ku Doncaster ndinagula tiyi ndi soseji yokulunga mu buledi, n'kukhala pabenchi limodzi ndi nkhalamba ina yachizungu yovala sikafu ya timu ya mpira wamiyendo. Anandifunsa kumene ndinkapita, ndipo ine, amene sindikonda kuyankhula ndi anthu osawadziwa, ndinamukhuthulira nkhani yonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mukunena kuti munawachinya, koma apita ndi iwo?" Ndinati eya. Anapukusa mutu. "Mpira umene umafuna msonkhano kuti mudziwe wopambana, ine sindiukhulupirira, mayi." Ndinamukonda bamboyo nthawi yomweyo. Ndikanakhala ndi soseji ina ndikanamupatsa.

Sitima yaikulu yopita kumpoto inali yofunda, yodzaza ndi ana asukulu obwerera ku mayunivesite awo ndi zikwama za zovala zochapidwa ndi amayi awo. Ku York ndi kumene a Nachisale anakwerera. Ndinawamva ndisanawaone. Anali atavala chipewa cha ubweya cha mtundu wa timu ya mwana wawo, chitenje pamwamba pa jinzi, m'manja atanyamula chikatoni cholembedwa dzina la Yamikani ndi chibakuli cha mandasi. Tinakumbatirana. Ankanunkhira mafuta okazingira, kusonyeza kuti anadzuka usiku kuphika.

Asanakhale n'komwe anayamba kuimbira abale awo ku Ntcheu pa vidiyo. Anandilozetsa foni kuti ndipereke moni kwa amalume awo, ndipo ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa. Atadula foniyo anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Koma Mulungu ndi wabwino, achemwali."

"Mulungu kapena komiti?" Mawuwo anatuluka ndisanawagwire.

Anandiyang'ana, mandasi ali m'manja. "Ndiye mukadali nazobe?"

"Tinakuchinyani. Inu munalipo, munabwereka ambulera yanga."

"Munatichinya, sindikukana. Koma inu munagonja ndi timu yakumchira, imene sinapambanenso kwina kulikonse. Ife tinagonja ndi timu yamphamvu. A komiti anaona zimenezo."

"Timu yamphamvuyo ndi iti?"

"Ndi yanuyo."

"Ndiye mwalowa chifukwa ife ndife amphamvu, ife tatsala chifukwa chani? Mukudzimva zimene mukunenazo?"

Mtsikana amene anakhala moyang'anana nafe anachotsa zomvera nyimbo m'makutu kuti aone ngati tikumenyana. A Nachisale anatseka chibakuli chija mwakachetechete. Anati, "Yami sanadzisankhe yekha." Ine ndinatembenukira kuwindo. Tinadutsa Darlington, minda yobiriwira ndi nkhosa zikuthamangira kumbuyo. Ku Durham tchalitchi chachikulu chija chinaonekera pamwamba pa phiri, ndipo ndinakumbuka kuti nthawi imeneyo anzanga a kwaya anali akuimba popanda ine. Njala inandigwira, koma mandasi sindinapemphe.

Polowa mu Newcastle sitima imadutsa pamwamba pa mtsinje, milatho ili ndandanda mbali zonse. Ndinaona kuti mzindawo ndi wokongola, ndipo zimenezonso zinandinyansa. Tinatsikira pansi kukakwera kasitima ka mumzinda kamene amakatcha metro. Makina a matikiti anakana khadi la a Nachisale kawiri, ndiye ndinawagulira ine, ndipo mawu awo oyamba chikanganirane anali akuti, "Zikomo." Dalaivala ankalengeza masiteshoni m'Chingerezi cha kumeneko chimene ngakhale ine, wa zaka zambiri m'dziko lino, ndinkangomva mapeto ake okha.

Bwalo lake silinali lalikulu: mabenchi ochepa, kagalimoto kogulitsa khofi, ndi mphepo yochokera kunyanja imene inkalowa m'majekete anga onse awiri ngati mulibe kanthu. Makolo anali ataima m'mbali mwa chingwe. Anyamata ankathamangathamanga kudzitenthetsa, ndipo a Nachisale anakweza chikatoni chawo n'kuyamba kukuwa dzina la mwana wawo.

Ndipamene ndinamuona. Pafupi ndi mphunzitsi wa timu ya Newcastle panaima mnyamata wamtali, atavala jekete la timu yawo, akuloza zinthu pa tabuleti. Kaimidwe kameneko, phewa limodzi lotsika, n'ka bambo ake. Anali Takondwa.

Ndinadutsa pansi pa chingwe chija osapempha chilolezo kwa munthu. "Iwe! Anzako aja ndi amenewa?"

Anadzidzimuka. "Mum, please, don't start," anatero, n'kundikokera pambali. Amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo zimene ananena zinali izi: timu imene a Newcastle ankakumana nayo tsikulo, timu yake inasewerapo nayo ndipo ankaidziwa bwino. Yamikani anamupempha kuti awathandize, ndiye anabwera Lachisanu, ndipo wakhala akuwaonetsa mavidiyo.

"Anthu akulanda malo ako, iwe n'kumawanolera mpeni?"

"Si iwo anandilanda."

"Ndiye sizikukuwawa?"

Anayang'ana pansi. Anati Lachinayi anakabweza chipewa chake ndi zovala zonse za timu ku yunivesite, ndipo atatuluka anakhala m'basi mpaka kumapeto kwa msewu chifukwa sanafune kuti anzake a m'nyumba amuone nkhope. Anati akukhulupirirabe kuti komiti inalakwa, ndipo adzanena zimenezo mpaka adzakalambe. "Koma ndikhale kunyumba kumapempherera kuti Yami agonje? Tinayamba limodzi mpira umenewu kuseri kwa garaja, Mum." Wina anamuitana, ndipo anathamanga n'kundisiya pomwepo.

Ndinabwerera kuchingwe. A Nachisale anali ataona zonse. Anati, "Ndimadziwa kuti ali kuno. Anandipempha kuti ndisakuuzeni." Nsanje yanga inapeza pena pogwira: mwana wanga amauza mayi wina zimene sandiuza ine.

Mpirawo sindiumvetsa wonse mpaka lero. Amathamanga pang'ono, n'kuunjikana, oimbira n'kuponya kansalu kachikasu, onse n'kuima kukambirana. Chimene ndinkaona n'chakuti matimuwo ankasinthana kutsogola, ndipo nthawi iliyonse alendo akagoletsa, ine ndinkakondwera mobisa. Ndinkafuna a Newcastle achinyidwe zigoli zambiri, kuti dziko lonse lione amene anayenera kukhala pabwalo limenelo. Ndinkafuna zimenezi nditaima phewa ndi phewa ndi mayi amene anandigwira dzanja tsiku limene ndinkabereka Takondwa.

Nthawi itatsala pang'ono, a Newcastle ali kumbuyo, mpira unaponyedwa m'mwamba kutali. Yamikani anaudumphira pakati pa anyamata awiri, anauwakha, anapunthwa koma osagwa, n'kuthamanga mpaka kudutsa mzere. A Nachisale anaimba nthungululu imene azungu onse anatembenuka nayo. Chipewa chawo chinagwa m'matope. Anandigwira pakhosi akulira, akudumpha, ndipo ine manja anga anali m'matumba. Kutsidya kwa bwalo ndinaona mwana wanga atanyamula Yamikani m'mwamba, akukuwa ngati wagoletsa ndi iye.

Masewero atatha, a Newcastle atapambana, Yamikani anabwera ali matope okhaokha, anavula chipewa, n'kundipatsa moni ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira. "Anti, zikomo pobwera." Anati njira imene anathamangira ija anamuonetsa ndi Takondwa. Mphunzitsi wawo nayenso anandigwira chanza n'kunena kuti timu ya mwana wanga ndi imene inawavutitsa kwambiri chaka chonse. Ankaganiza kuti akundisangalatsa. Ndinamufunsa kuti, "Nanga a komiti munawauza zimenezo?" Anaseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka, n'kupita kukalankhula ndi makolo ena.

Anyamatawo anatsala kuti akasangalale ndi anzawo. Ife tinagula nsomba ndi tchipisi pafupi ndi siteshoni, n'kudyera m'sitima ndi zala, viniga akununkha chipinda chonse. A Nachisale anali ndi shifiti usiku womwewo ku Wakefield, ndipo mawu anali atawathera. Tisanafike ku Durham anandifunsa monong'ona kuti, "Ku fainolo mudzabwera?" Ndinati ndikaona kaye mmene andiikira mashifiti. Sanakakamize. Posakhalitsa anagona, mutu wawo uli paphewa langa, pakamwa pali yasa.

Ndinakhala osasuntha kuti ndisawadzutse, ndikuganiza. Maganizo anga pa komiti ija sanasinthe ndipo sadzasintha: mukamuchinya munthu pabwalo, pasapezeke wina wokhala pampando wofunda wonena kuti sizinakwane. Koma anthu a komitiwo sindiwadziwa nkhope, sindidziwa kumene amakhala, ndipo mkwiyo umafuna munthu woti uzimuyang'ana. Ine ndinasankha amene anali pafupi, amene anadzuka usiku kukazinga mandasi oti tidye awiri. Mwana wanga, amene ndi mwini wake wa chilondacho, anadziwa kusiyanitsa, pamene ine mayi ake ndinalephera.

Ku York ndinawagwedeza. Anadzidzimuka, anatola chikatoni chawo chonyowa, n'kutsika akuthamangira sitima ya ku Leeds. Ali papulatifomu anatembenuka n'kundikweza dzanja, ine n'kukweza langa. Nsanje inali ikadalipo, sindinama, ndipo ndinafika nayo ku Rotherham. Koma Lolemba m'mawa, ndisanavule n'komwe jekete, ndinalowa mu ofesi ya sisitala wamkulu wa wodi yathu kukapempha kuti andisinthire shifiti ya tsiku la fainolo. Anandifunsa ngati mwana wanga akusewera. Ndinati ayi, akusewera ndi wa mnzanga, ndipo ndili ndi masabata awiri oti ndiphunzire kuomba m'manja.