Mkazi wa Papepala

Mu shopu ya Mayi Sizasi munali makina osokera anayi, simbi imodzi ndi katani yobiriwira imene mwamuna sankaloledwa kuidutsa. Dzinalo anawapatsa ndi ophunzira awo, ati pakamwa pawo pankadula kuposa chitsulo. Ntchitoyi anaiyamba atachoka kwa mwamuna amene anawagonthetsa khutu lakumanzere ndi chibakera. Amayi othawa nkhondo akafika mumzindamo, ofesi yowalandira inkawatumiza kwa iwo kuti akaphunzire kusoka, chinenero n'kumatolera pomwepo.

Watsopano aliyense ankayamba ndi kuyezedwa. "Vula, mwanawe, ndikusokere diresi lapantchito," ankatero kuseri kwa katani. Diresilo linali chonamizira. Tepi ikamazungulira thupi, iwo ankaona zimene munthu sanganene tsiku loyamba.

Mayi wina amene anzake ankangomuti Wamtali anadzidzimuka tepi itangomukhudza m'nthiti. Msana wonse unali mikwingwirima ya lamba, ina yakale, ina yadzulodzulo.

"Amuna ako?"

"Alamu."

Nkhani inatuluka movutikira, theka ndi mawu, theka ndi manja. Mwamuna wake anaphedwa panjira. Pamalire, amayi oyenda okha ankaikidwa pamzere wosasuntha, ndiye mkulu wake wa malemuyo anati angolembetsa ngati banja. Iye anavomera. Tsopano pepala linkati ndi mkazi wake, ndipo mlamuyo ankalemekeza pepalalo kuposa magazi a mng'ono wake.

Mayi Sizasi anapondako ku ofesi katatu. Anawauza kuti mayina angasiyanitsidwe pokhapokha mwiniwake atanena yekha pamaso pa aboma. Vuto linali lomwelo: Wamtali akangoona yunifolomu, lilime linkauma. Komabe a ku ofesi anamupatsa tsiku lokanena, Lachinayi.

Mlamuyo anafika m'mawa wa Lachinayilo, makina atangoyamba kulira.

"Amayi, ndabwera kudzatenga katundu wanga."

"Katundu amasungitsa kudepoti, bambo. Kuno timasoka."

Amayi awiri anaseka chapansipansi, koma iye anamva. Anakoka katani mpaka misomali inazuka, n'kumupeza Wamtali akumanga mpango. Anamugwira tsitsi, kumukwekweza, n'kumumenyetsa nkhope pamutu wa makina. Dzino linagubuduzika pasimenti. Mayiyo atayesa kudzuka, mlamuyo anaponda zala zake ndi chidendene cha nsapato, ndipo kunamveka ngati munthu akuthyola tinkhuni.

Mayi Sizasi anamulumphira kumsana. Chigongono cha bamboyo chinawapeza pakamwa, iwo n'kukagwera pathebulo lositira. Simbi inali pomwepo, yotentha kuyambira m'mawa. Sanaganize kawiri. Anaikanikiza pakhosi pa bamboyo monga amachitira ndi kolala yokanika, ndipo shopu yonse inadzaza fungo la chikopa chopserera. Bamboyo anakuwa n'kugwa chagada.

Wokonza mafoni wa khomo loyandikana ndiye anaitana apolisi. Galimoto itangoima panja, amayi aja anachita zimene moyo unawaphunzitsa. Anathamangira kukhomo lakumbuyo, wina analumphira pawindo. Mayi Sizasi anali atawaphunzitsa mpendero, zipi ndi mabatani, koma sanakumbukepo kuwauza kuti apolisi akabwera, mboni imakhala pomwepo.

Apolisi awiri anapeza mwamuna ali pansi ndi chilonda chofuka, ndi mayi ali chilili, simbi m'manja.

"Mkazi wanga amubisa, ine andiotcha," anatero mlamuyo akutulutsa pepala m'thumba. "Werengani nokha, bwana."

Wapolisi wamkulu anawerenga, n'kutulutsa unyolo. "Mayi, ikani simbiyo pansi. Manja."

"Funsani amene aona."

"Ali kuti?"

Mayi Sizasi anatembenuka. Mipando inali yopanda anthu, silipasi imodzi yatsala pakhomo. Unyolo unatsekeka. Iwo sankadandaula za selo. Chinkawawawa n'chakuti madzulo ake pepala lija lidzabwerera kunyumba, ndipo Wamtali adzalitsatira.

Pansi pa thebulo lodulirapo nsalu panagwedezeka. Mayi Sizasi anaona phazi la Wamtali, koma anangoluma mlomo. Akanamuitana, mawuwo akanakhala awo, osati ake.

Wamtali anatuluka chokwawa, dzanja lothyoka atalipanira pachifuwa. Anaimirira. Maso ake anali pa mabatani a yunifolomu ngati akuyang'ana njoka.

"Uyu si mwamuna wanga," anatero m'chinenero chimene anachitola pamakina. "Mwamuna wanga anafa. Uyu alamu. Lembani."

Mlamuyo anamukalipira m'chinenero chakwawo, akuyesa kudzuka. Wapolisi wachiwiri anamubwezera pansi ndi jombo paphewa. Wamkulu uja anayang'ana pepala, anayang'ana zala zopindikazo, kenako anasolola cholembera.

"Bwerezani, mayi. Pang'onopang'ono."

Wamtali analavula magazi pasimenti, n'kubwereza.