Chikande cha Kumunsi kwa Manda

Ntchito imeneyi ndinaipezera kusikelo. Ndinali pamzere ndi mwana wanga Yamikani, asanayambe n'kukhala komwe, ndikudandaulira mayi wina kuti satifiketi yanga ya zaulimi ikungodyedwa ndi mphemvu m'sutikesi. Iwo anati alamu awo, a Phiri, akufuna munthu wamkazi kubungwe lina loona zachilengedwe pa boma pomwepo. Zinali zaka zija titangotuluka m'njala, mabungwe ali mbwee. Bambo a mwana anali atapita ku Chipata kukasaka maganyu, ndipo uthenga wawo unkabwera mwa apo ndi apo. Ndinavomera ndisanafunse kuti ntchito yake ndi yotani.

Tinkasamutsa chikande. Ambiri amangochidziwa chitaphikidwa kale pamsika, koma ndi duwa la m'dambo lokhala ndi kachimbatata pansi. Pa njala anthu anachikumba kwambiri n'kumakagulitsa kutsidya kwa malire, ndipo chotsala chinkafa chifukwa madambo ankauma msanga chaka ndi chaka. Ife tinkachichotsa kumadambo oumawo n'kukachidzala m'mphepete mwa kasupe wa kuphiri, kozizira.

Chikande sachizula ngati chinangwa. Umadula dothi mozungulira ndi kakhasu kakang'ono, kutalikira chikhatho chimodzi kuchokera pa tsinde, kenako umalowetsa fosholo pansi n'kunyamula chibuma chonse. Chibumacho umachikulunga m'chiguduli chonyowa, n'kuchiika m'beseni pamthunzi. A Phiri ankati, "Mukagwedeza dothi mwapha mbewu. Chimakhala ndi bowa wake wosaoneka m'dothimo, popanda iye sichiphuka." Ine ndinkagwira ntchito mwana ali kumsana, mtima uli m'mwamba nthawi zonse. Akatsokomola ndinkaganiza za chibayo, akagona kwambiri ndinkamugwedeza kuti ndione ngati akupuma.

Tsiku lina tinamva kuti kumudzi wina cha ku Kapondo kuli malo amene chikande chinatsala chambiri, kumunsi kwa manda, pomwe msitu umathera m'dambo. A Phiri anasangalala. Akuluakulu a mudziwo anatilola mosavuta, koma amuna onse ankayang'ana pansi polankhula. Titatsitsa mabeseni m'galimoto, panabwera amayi angapo. Mmodzi, Nabanda, mayi wamtali wogulitsa tomato pamsewu, anaima kutsogolo kwa a Phiri.

"Abambo, inu mutsale pompano. Kumeneko amuna safikako."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Inu pitani, koma mwanayo mutisiyire."

Sindinkamupatsa munthu aliyense mwana wanga, ngakhale apongozi. Koma a Phiri anali kundiyang'ana, ndipo ntchito ndinkaifuna. Ndinamasula chitenje n'kumupereka.

Ndinatsetsereka ndekha. Dzuwa linali litakwera, koma pansi pa mitengo ija panali mdima wozizira. Dambo lonse linali long'ambika ndi kuuma, kupatula kachigawo kamodzi kobiriwira, ndipo pamenepo maluwa oyera ndi ofiirira anali ataima nji, mphepo osawagwedeza. Kunalibe mbalame, kunalibe chule. Ndinkangomva kupuma kwanga ndi kulira kwa beseni likagunda mwendo.

Chibuma choyamba chinatuluka bwinobwino. Pa chachiwiri fosholo inakhudza chinthu cholimba, pafupi kwambiri, mwina kuya kwa chikhatho. Ndinafukula ndi zala. Linali phale la mphika lovundikiridwa, ndipo m'mbali mwake munatuluka kansalu kofumbwa, kamaluwamaluwa, konga tija timagula kuti tikafundike khanda. Nditakweza maso ndinaona kuti nthaka yonseyo inali ndi timitumbira, tating'ono ngati mapilo, duwa lililonse pa kamtumbira kake.

Ndine Mchewa, ndinayenera kudziwa. Pamenepo mpamene amayi amaika nthayo, ana obadwa akufa kapena omwalira asanatuluke m'chikuta. Amaikidwa ndi akazi okha, osazamitsa, kuti mimba ya mayiyo isatsekeke. N'chifukwa chake ngakhale pa njala palibe anakumbapo.

Pomwepo mkaka unayamba kutuluka wokha, kunyowetsa bulauzi mpaka m'chiuno. Kumtunda mwana wanga sankalira. Ndinatchera khutu, zii. M'mutu mwanga munabwera mawu a amayi anga, oti wogwira dothi la nthayo akagwira khanda, khandalo limatsatira anzake. Ndinaphunzira kukoleji, inde, koma mawuwo ndinawakhulupirira. Ndinakhala pansi manja ndili tambasu, kuopa kudzikhudza.

Nabanda ananditsatira mwakachetechete, amayi ena awiri pambuyo, mmodzi atanyamula Yamikani patali. Nabanda anagwada, n'kubwezera phale lija, n'kulisalaza ndi dzanja ngati akufunditsa mwana.

"Uyu ndi wa achemwali anga," anatero. "Wanga ali apo, pa loyeralo."

"Bwanji simunanene?"

"Pamaso pa amuna? Nanga inu, mwana kumsana, sitimayesa mukudziwa? Timati mutola za m'mbalizi." Anandiyang'ana pachifuwa n'kuseka pang'ono. "Taonani mukutayira chakudya cha mwana pansi. Asukulu inu."

Ndinamuuza zimene ndinkaopa. Sanandinene. Anatunga madzi a m'keni yathu yothirira, nandisambitsa manja mpaka m'zigongono, akutikita ndi masamba amene anathyola pomwepo. Tinatuluka pamthunzi paja, ndipo anandiikira mwana pamiyendo.

"Muyamwitseni ife tikuona. Tonsefe tinakumbapo apa ndi manja athuwa, tinabwerera kunyumba n'kulera ena. A kunoko salanda anzawo."

Yamikani anayamwa mwaphuma, akundikanda ndi tizikhadabo. Ndinalira osatulutsa mawu.

Amayiwo anakumba okha chikande cha m'mbali, kumene ankadziwa kuti kulibe munthu, ine ndikuwaonetsa kadulidwe ka chibuma. Cha pa timitumbira sitinachikhudze. A Phiri ataona mabeseni osadzaza anafunsa chifukwa. Ndinati china chonsecho chili ndi eni ake. Anayang'ana amayi aja, anavula chipewa, ndipo sanafunsenso.

Sabata yonseyo sindinagone bwino, ndinkangoika khutu pachifuwa cha mwana. Sanadwale. Chimene tinasamutsa chinaphuka kuphiri mvula yotsatira. Chimene tinasiya chinapirira zaka zingapo, kenako dambo linaumiratu, ndipo Nabanda anandiuza pamsewu kuti tsopano amazindikira malo a mwana wake poyerekeza ndi mtengo wina umene uli pafupi.

Ndagwira ntchito ya mbewu kuyambira pamenepo. Ndikafika pamalo pamene chinthu chatsala chokha, kwina konse chitatha, fosholo ndimaisiya m'galimoto. Ndimayamba ndakhala pansi ndi amayi, amuna atachoka, n'kufunsa kuti akuchisunga ndani.