Kujambula Apongozi Osawayang'ana

Apongozi anga ndinkawadziwa msana. Ndikunena mayi a mkazi wanga, amene ndakhala nawo pakhomo limodzi kufupi ndi Nkhudzi chilowereni chikamwini. Ndinkadziwa mpango wawo, katsokomoledwe kawo, ndi mawu awo akamakalipira mbuzi. Nkhope ayi. Pakhomo limenelo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana. Moni tinkapatsana wina ali kuseri kwa nyumba, wina atanjuta akuyang'ana nyerere. Mwambo umenewu ndinausunga bwino kuposa mmene ndinasungira malo anga ku koleji, komwe ndinachokako mwaulemu titasiyana maganizo ndi aphunzitsi pa nkhani ya mayeso.

Maso awo anali atachita ng'ala. Zinayamba ndi kuthira mchere mu tiyi, tonse n'kumwa osadandaula. Kenaka zinafika poti kutchalitchi ankapita atagwira nsonga ya chitenje cha mnzawo, ndipo tsiku lina anapsa dzanja pofuna kuphula poto yemwe anali ataphulidwa kale.

Mmawa wina mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu anandiimbira. Anati ku boma kukubwera madokotala ochotsa ng'ala, malo ndi ochepa, ndipo ayamba ndi anthu amene anakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Ankafuna umboni wa zakazo pa foni: chithunzi cha chitupa cha unzika kutsogolo, china kumbuyo, ndi china mwini wake atachigwira pafupi ndi nkhope. Zonse zioneke bwino, makamaka chaka chobadwa, ndipo zimufike asanaweruke chifukwa mayina akupita tsiku lomwelo.

Mkazi wanga anali ku Limbe ndi matumba a usipa. Anyamata anali panyanja, azimayi ku maliro mudzi wina. Pakhomo tinatsala atatu: ine, apongozi, ndi mlongo wawo, amalume a mkazi wanga, bambo amene moyo wawo wonse akhala akukoka khoka. Foni yojambula inali yanga yokha, yagalasi long'aluka, batire ili pakati.

Chitupa chinandifika kudzera mwa amalume. Chinali m'pepala la shuga, pepalalo m'kansalu, kansaluko m'pepala linanso la shuga. Nditamaliza kusenda ndinachiika pamkeka padzuwa, poganiza kuti chithunzi chimakonda kuwala. Koma chitupa chimanyezimira ngati mamba a chambo. Pa chithunzi choyamba panatuluka dzuwa. Pa chachiwiri panatuluka mthunzi wa mutu wanga, womwe sindinkadziwa kuti ndi waukulu chotero. Ndinasamukira pathandala loyanikapo usipa, ntchentche n'kutera pa mwezi wobadwa n'kukhazikika. Nditaiingitsa, mwera unanyamula chitupa chija. Ndinachithamangitsa mumchenga, amalume akundiuza modekha kuti chikalowa m'nyanja ndichitsatire komweko ndipo ndisavutike n'kubwerera.

Netiweki yodalirika kwathuko imakhala pamwamba pa mwala wina kuseri kwa sukulu, choncho kutumiza kulikonse ndi ulendo. Ndinakwera, ndinatumiza. Mlangizi anayankha kuti chaka sichikuoneka. Ndinatsika, ndinajambula, ndinakweranso. Anati ngodya imodzi yaduka. Ndinatsikanso. Dzuwa linali litafika paliwombo ndipo thukuta langa linayamba kudonthera pa nkhani ya boma.

Chimene chinkandisokoneza n'chakuti ndinkajambula ndikuyesetsa kusawerenga. Dzina la apongozi si chinthu choti mkamwini n'kumangolitola pansi. Ndiye ndinkaloza foni pachitupa, maso ali ku mtengo wa mango. Nditaona kuti nthawi ikutha, ndinagwada pamthunzi wa bwato lovundikiridwa, ndinavula malaya anga akuda n'kuwayala, ndinapukuta kadiso ka kamera, ndinabanika mpweya, n'kuyang'ana. Dzinalo ndinaliwerenga. Ndi dzina labwino, lalifupi, ndipo sindilitchula. Chaka chinatuluka chooneka bwino. Zaka zinali zokwana, zotsala n'kugawirako ena.

Chinatsala chithunzi cha nkhope.

Amalume anati imeneyo ndi nkhani yaing'ono, ajambula okha. Anawakhazika apongozi pakhonde, ine n'kukabisala kuseri kwa khitchini kuti ndizipereka malangizo. Tsoka lake zala za amalume zinauma kalekale ndi zingwe za khoka, ndipo galasi la foni silinkazimva. Anadina, foni phee. Anadina mwaukali, phee. Ananyowetsa chala ndi malovu, foni n'kutembenuka n'kujambula khutu lawo lomwe. Ine ndinkangoti kwezani pang'ono, tsitsani pang'ono, osaona chimene akukweza. Atandibwezera foni ndinapezamo denga, mbuzi, ndi phazi la apongozi. Phazilo linatuluka bwino kwambiri, mwina kuposa zithunzi zonse za tsikulo, koma madokotala sanapemphe phazi.

Ndinayesa kujambulira patali, nditabisala theka kuseri kwa mpanda. Apongozi anatuluka ngati kanthu kofiira pafupi ndi chitseko. Ndinayandikira chammbali nditatsinzina. Iwo atamva mapazi anga anatembenukira kukhoma, monga mwa ulemu. Tonse awiri tinali akatswiri pa ntchito yozembana, ndipo ukatswiriwo unkatipha.

Ndinathamangiranso kumwala kukaimbira mkazi wanga. Anandiyankha ali pakati pa phokoso la msika. Anafunsa chifukwa chake sindikungotseka maso, ndinati zimenezo ndayesa kale ndipo zotsatira zake ndi khoma. Anati mayi ake akaphonya malo amenewo chifukwa cha ine, pobwera asandipeze, ndipo katundu wanga amakwana m'jumbo imodzi, ndisachite kubwereka chikwama. Pamene amamaliza, batire inali itafiira.

Nditabwerera ndinapeza amalume atatsegula bwalo la milandu paokha. Funso linali lakuti, kodi kuona apongozi pagalasi la foni ndi kuwaona? Anaganiza, n'kugamula kuti inde, n'chimodzimodzi. Kenaka anati njira ilipo: manyazi otere amathetsedwa ndi nkhuku, pamaso pa akuluakulu, pa tsiku lochita kupangana. Nkhukuyo anaitchula ngati munthu amene waiona kale m'mbale. Ndinayang'ana mthunzi wa nyumba, unali utayamba kutalika. Ndinkangozungulira pabwalo foni ili m'manja, osakhala pansi, osapita kulikonse.

"Akamwini."

Anali apongozi. Ndinanjuta pomwe ndinali. "Wawa, amayi."

"Bwerani kuno. Kutsogolo kuno, osati kumbali."

Ndinakumbukira kuti ndili chifuwa pamtunda. Ndinavala malaya aja, mchenga uli mbuu, n'kusendera ndi mawondo, maso ali pansi.

"Mwazungulira kuyambira mmawa ngati nkhuku yofuna poikira," anatero. "Kodi mukuthawa chiyani? Ine pano ndikungoona utsi wovala buluku. Kaya ndinu, kaya ndi mbuzi, ndimasiyanitsa ndi fungo la sopo."

Amalume anatsokomola n'kuyambanso za nkhuku ndi akuluakulu.

"Achimwene, nkhuku yanuyo mudzadya ine ndikuiona. Panopa khalani uko." Kenaka anatembenukira kumene kunkachokera kupuma kwanga. "Bambo, manyazi atsala kwa inu nokha. Aikeni pansi kaye, mudzawatola mawa. Ine ndikufuna ndidziphulire poto ndekha."

Ndinadzutsa maso. Sindinena zambiri, chifukwa mawa lake manyazi aja ndinawatoladi. Anali ndi mphini ziwiri patsaya, chibwano chenicheni cha mkazi wanga, ndi maso otuwa ngati madzi otsukira mpunga. Chitupa anachilandira ndi manja awiri, monga munthu woleredwa bwino amalandirira chinthu, n'kuchikweza pafupi ndi tsaya. Chala chachikulu chinagona ndendende pa chaka chobadwa.

"Amayi, chala."

"Chatani?"

"Chaphimba zaka."

"Chikudziwa ntchito yake," anatero, koma anachisuntha.

Ndinawapempha apendeketse chitupa pang'ono kuti chisanyezimire, akweze chibwano, asaseke. Chiyambire chikamwini changa ndinali ndisanawalamulepo kanthu, ndipo tsiku limenelo ndinapereka malamulo motsatizana ngati msilikali wa pa lodibuloko. Ndinatsamiritsa zigongono pamawondo. Ndinadina. Nkhope inatuluka, chaka chinatuluka, ngodya zonse zinayi zinalipo.

Ulendo womaliza wopita kumwala ndinathamanga opanda nsapato. Kachizindikiro kotumiza kanazungulira, kanazungulira, ine nditakweza foni m'mwamba ngati ndikuipereka nsembe. Chithunzi chinapita, ndipo pomwepo foni inazima, yankho lisanabwere. Ndinatsika n'kuthamangira kwa wometa tsitsi wa pamsika amene ali ndi sola. Anandiuza kuti ndikhale pansi, ndinakana. Ndinaima pambali pa waya ndikuyang'anira foniyo ngati wodwala, mpaka inatsegula maso. Mlangizi anali atalemba kuti zaoneka, dzina lalowa, abwere ndi wowaperekeza.

Ku boma anapita ndi mkazi wanga pa minibasi. Madokotala anachita diso limodzi, n'kunena kuti linalo lidikire ulendo wina. Anabwerako atamatidwa thonje, ndipo patapita masiku anayamba kutchula zinthu zimene tonse tinali titasiya kuziona: kuti khoma la khitchini lang'aluka, kuti chitenje chimene akhala akuvala kutchalitchi n'cha chipani, kuti amalume akalamba moipa.

Ine palibe anandichenjeza. Masana ena ndinkadutsa pabwalo nditanyamula ndowa, osadziwa kuti ali pakhonde ndi mwana wawo. Ndisanapeze kothawira, ndinamva diso latsopanolo likundiyenda kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kubwereranso mosafulumira.

"Ndi amenewa?" anafunsa motsitsa mawu, koma osati motsitsa mokwanira.

"Ndi omwewa, amayi."

Apongozi anandiyang'ananso kamodzi.

"Mawu awo ndi abwino," anatero. Kenaka anamufunsa mkazi wanga ngati diso linalo n'lofunikadi kulichita.