Chinkhanira cha m'botolo ndi atsibweni anga

Ndili Fomu 3, aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti chinkhanira ndi m'bale wake wa kangaude ndi nkhupakupa. Zonsezi akuti zili ndi miyendo isanu ndi itatu, pomwe chiwala ndi ngumbi zili ndi isanu ndi umodzi, ndiye ndi banja lina. Nkhaniyi ndinapita nayo kunyumba ikadali yotentha.

Linali Loweruka masana. Atsibweni anga, omwe anali kapitawo ku esiteti ya tiyi, anali atapatukira kwathu pochokera kumsika wa Nkando. Anali atavula magambutsi, akudya chinanazi pakhonde.

"Kangaude?" anatero. "Iwe mphwanga, chinkhanira ndi nkhanu. Dzina lomwe likunena. Ndi nkhanu imene inatopa ndi madzi."

"Ayi atsibweni, nkhanu ili ndi miyendo khumi."

"Nachonso khumi. Kachitenge tiwerenge."

Ndinakagudubuza njerwa zakale kuseri kwa bafa mpaka ndinapeza chimodzi chakuda, chonenepa. Ndinachikankhira ndi kamtengo m'botolo la kukamwa kwakukulu. Atsibweni anavala magalasi, nayamba kuwerenga mokweza ngati akuitana mayina a antchito m'mawa. Anapeza khumi.

"Mwawerengera ndi zopanira zomwe," ndinatero. "Zimenezo si miyendo, siziyendera."

"Nanga za nkhanu unawerengera bwanji?"

Pamenepo aphunzitsi anali asanafikepo. Ndinangoti m'buku zili choncho. Atsibweni anafunsa ngati amene analemba bukulo anayamba walumidwapo.

Anawerenganso n'kupeza isanu ndi inayi, kenako khumi ndi umodzi, pakuti chinkhaniracho sichinkakhazikika. Iwo anati vuto ndi botolo, likunamiza maso. Analipendeketsa kuti asuzumire kukamwa. Chinkhanira chinatsetsereka, chinagwera pa simenti, n'kuthamanga mchira uli m'mwamba mpaka m'gambutsi lawo lomwe linali chigonere.

Munthu wamkulu, woopedwa ndi anthu othyola tiyi, ndinamuona ali chiimire pampando, chinanazi chili m'manja.

"Achemwali! Achemwali, tabwerani!"

Amayi anatuluka ndi munsi, poti ankasinja nandolo. Sanafunse kuti ndi m'bale wa ndani. Anaimika gambutsi lija n'kulisinja mkati kanayi konse. Atalikhuthula panatuluka phala lokhalokha, ndi kamwendo kamodzi kolekana.

"Werengani tsopano," anatero amayi, nabwerera kumtondo.

Atsibweni anatsika pang'onopang'ono, nakonza kolala. Anati kunja kwatentha, magambutsi amawotcha mapazi. Anabwereka mapatapata a amayi, aang'ono kwa iwo, zidendene zikukhudza pansi. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu nditawanyamulira magambutsiwo, ndipo minibasi itaima anandiuza kuti ndiwaike kumbuyo, kutali ndi mpando wawo.