Mitu Isanu ndi Iwiri M'mimba mwa Tcheru

Inu amene mukuona ngati zitseko zonse zakutsekerani, khalani pansi pang'ono mumve za Tisiyenji.

Chaka chimene bambo ake anamwalira, fodya anali akadali m'munda. Banja lawo linachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ina kufupi ndi Nsaru, ndipo nyumba imene ankagonamo inali ya bwana. Maliro atangotha, kapitawo anabwera chipewa chili m'manja, n'kunena mwaulemu wonse kuti nyumbayo ikufunika, kukubwera tenanti wina wamphamvu zake. Mayi ake anamanga katundu n'kubwerera kwawo ndi ana aang'ono. Tisiyenji anatsala kuti adikire zotsatira za mayeso a Folomu 4, akugona pakona pa chigafa cha mnansi, masamba a fodya akulendewera pamutu pake.

Zotsatira zinatuluka. Analephera.

Ku Phalombe sanapite. Akanakawauza chiyani mayi ake, amene ankauza aliyense kuti mwana wawo wamkulu ndiye adzawapukuta misozi? M'malo mwake anatsetsereka n'kukafika ku Namitete, komwe anayamba kugulitsa mtedza wokazinga pamalo okwerera minibasi. Dzuwa linkamuthera pamutu, mvula inkamuthera pamsana, ndipo masiku ena chakudya chake chinali mtedza womwewo wotsala m'beseni.

Pakati pa anthu omugula panali mayi wina wa imvi, Dokotala Gertrude, dokotala wa ziweto amene atapuma ntchito m'boma anatsegula kachipatala kake kuseri kwa msika. Tsiku lina mayiyu anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndikufuna munthu wotsuka makola a agalu," anatero adokotala. "Amene ndinawalemba onse anathawa. Iwe ungathe?"

"Ndiyesa, mayi."

Ntchitoyo inali yonunkha. Ankawola zonyansa za agalu, kuchapa nsanza zamagazi, kuzula nkhupakupa m'makutu mwa agalu olusa. Anzake a pamsika anamupatsa dzina latsopano: Nagalu. Akamadutsa, ena ankauwa chapansipansi n'kumaseka. Iye ankangoweramitsa mutu, chidebe chili m'manja.

M'kachipatalamo munali chipinda chimodzi chimene ankangolowamo posesa basi. Munali makina akale a ekisire, ounikira m'kati mwa thupi, amene adokotala anawagula ogwirapo kale ntchito. Tisiyenji ankawaopa ngati chilombo chogona.

Tsiku lina kunabwera galu wa mlimi wina wa ng'ombe, bere lili pafupi kuswa. Panalibe womugwira, ndiye adokotala anaitana Tisiyenji.

"Ndikufunse kaye, usachite manyazi. Suli woyembekezera?"

"Ayi, mayi."

"Chabwino. Kuwala kwa makinawa sikuoneka ndi maso, koma si kwamasewera. Vala ichi."

Anamuveka epuloni yolemera, yokhala ndi mtovu m'kati. Tisiyenji anagoneka galuyo chammbali, akumusisita pakhosi. Makina analira kamodzi, n'kukhala chete. Palibe chimene chinaoneka, ndipo iye anaganiza kuti zakanika. Adokotala analowa m'kachipinda kamdima, kenaka anatuluka ndi chipepala chakuda cholimba, n'kuchitsamiritsa pagalasi lowala.

Tisiyenji anayandikira kuti aonetsetse.

M'kati mwa mdimawo munali timitu tozungulira ngati timandimu tanthete. Ku kamutu kalikonse kunali kamsana, timafupa titandandalikana ngati mikanda yotungidwa pa ulusi. Tinthiti tinali topyapyala kuposa minga ya matemba. Kena kanapinda miyendo, kena kanatsamira kanzake ngati ana ofunda bulangete limodzi. Tinali tamoyo timene dzuwa linali lisanationepo, timene ngakhale make anali asanatione. Koma iye, wotsuka makola, anali kutiyang'ana.

"Werenga mitu," anatero adokotala. "Ukatha uwerenge misana. Zikafanana, ndiye kuti walondola."

Anawerenga akuloza ndi chala. Mitu isanu, misana isanu.

"Nanga bwanji sanabwere naye kale kuti timujambule?" anafunsa Tisiyenji.

"Bere likakhala laling'ono mafupa amakhala asanakhwime, saoneka. Timadikira masiku omaliza, n'kujambula kamodzi, kuti tidziwe alimo angati ndiponso ngati mitu yawo ingadutse m'chiuno mwa make."

Kenaka Tisiyenji anafunsa motsitsa mawu, "Kodi amene amaphunzira zimenezi amakhala anthu otani?"

"Amakhala anthu amene sanasiye," anayankha adokotala, uku akuvula epuloni yawo.

Sabata yomweyo Tisiyenji anakalembetsa sukulu yamadzulo. M'mawa ankatsuka makola, madzulo n'kukhala pabenchi limodzi ndi ana ochepa msinkhu kwa iye. Analembanso mayeso, masamu n'kumugwetsa. Mayi ake anatumiza uthenga kuti abwerere kumudzi, kuli mwamuna wabwino akumufunsira. Analira, koma sanapite. Chaka chotsatira analembanso, ndipo anakhoza bwino kwambiri moti mphunzitsi wa masamu anachita kubwera kuchipatalako kudzamugwira chanza.

Njira inali ikadali yaitali. Anayamba ndi maphunziro a ulangizi wa ziweto. Patchuthi ankayenda panjinga m'midzi ya kwa Kabudula ndi ku Nambuma, kutemera nkhuku chitopa ndi kubaya agalu katemera wa chiwewe. Galu wina anamuluma padzanja, chipsera chilipo mpaka lero. Atamaliza anagwira ntchito zaka zingapo, kenaka anasankhidwa kukachita udokotala weniweni wa ziweto kusukulu yaukachenjede. M'kalasi ndiye anali wamkulu pa onse, ndipo ankamutcha anti. Dzinalo analilandira ndi manja awiri.

Pamene ankabwerera ku Namitete ali dokotala, manja a Dokotala Gertrude anali atayamba kunjenjemera ndi ukalamba, moti mpeni wa opaleshoni anali atausiya.

Ndiye kunabwera bambo Harrison.

Bambo Harrison anali mlonda wa pachigayo ku Msundwe. Kale ndiwo ankagaya chimanga pachigayopo, ndipo phokoso la zaka zambiri linawagonthetsa makutu. Mlonda wosamva ndani angamusunge? Komabe mwini chigayo anawasunga chifukwa cha galu wawo wamkazi, Tcheru. Tcheru akamva mtswatswa ankawagunda pabondo ndi mphuno, n'kuyang'ana komwe kwachokera phokosolo. Galuyo ndiye anali makutu awo, ndiye analinso ntchito yawo.

Anabwera naye m'dengu, atamumangirira pakaliyala ya njinga. Mimba ya Tcheru inali yaikulu modabwitsa, chifukwa anakumana ndi chigalu chachikulu cha pa esiteti ina pomwe iye anali wochepa thupi.

Tisiyenji anavala epuloni, n'kumujambula. Pachipepalapo anawerenga mitu isanu ndi iwiri, misana isanu ndi iwiri. Mutu umodzi unali waukulu kuposa inzake, ndipo atauyerekeza ndi mpata wa m'chiuno mwa Tcheru, anaona kuti ungavute kudutsa. Anaima patsogolo pa bambo Harrison kuti aziona milomo yake, n'kuwaonetsa zala zisanu ndi ziwiri.

"Akayamba kuswa, wina andiimbire foni," anatero mokweza. Iwo anagwedeza mutu movomera.

Patapita masiku ochepa, foni inalira cha kummawa. Anali Dorica, mpongozi wa bambo Harrison.

"Adokotala, Tcheru waswa. Ana asanu ndi mmodzi, onse amoyo. Apongozi akuti tikuthokozeni, watha."

"Wasiya liti?"

"Papita kanthawi ndithu. Wangogona, akupuma mwawefuwefu."

"Sanathe," anatero Tisiyenji. "Ndikubwera."

Anatenga chipepala cha ekisire, n'kukwera njinga yamoto. Atafika pachigayo anapeza amayi ali pamzere ndi matumba a chimanga. Tcheru anali kuseri, pachiguduli, tiana tikuyamwa. Maso ake anali olefuka, ndipo nthawi ndi nthawi thupi lake linkakokeka, koma osatulutsa kanthu. Tisiyenji anamupima n'kupeza zimene ankaopa. Kamwana komaliza kanali katatsakamira panjira.

Anauza bambo Harrison kuti pakufunika opaleshoni. Nkhope yawo inasintha.

"Ayi, mayi," anatero ndi mawu okwera a munthu wosadzimva yekha. "Ana si awa? Galu watopa chabe. Mpeni ayi."

Tisiyenji sanakangane nawo. Anatuluka pabwalo, n'kukweza chipepala chija kuloza kudzuwa.

Kuwala kutadutsamo, timitu ndi timisana tinaonekera mbee. Mayi wina amene anali pafupi anatula thumba lake pansi. Wina anabwera, winanso, mpaka mzere wonse unapasuka. Wogayitsa anazimitsa injini. Pachigayo, pamalo posadziwa bata, panangoti zii.

"Kodi ndi m'mimba mwa galu mmenemu?" anafunsa mayi wina monong'ona.

"Ndi momwemo."

"Ndiye kuti nafenso timaoneka chonchi, eti," anatero mayi wina wapakati, dzanja lili pamimba pake. Palibe anaseka.

Bambo Harrison anayandikira. Anakweza chala chawo chokhakhala n'kukhudza kamutu kalikonse, milomo ikuyenda. Atafika pa kachisanu ndi chiwiri, kaja kakakulu, chala chinaima pomwepo. Anatembenuka n'kuwerenga tiana ta pachiguduli. Kenaka anayang'ana Tisiyenji m'maso.

"Mukamung'amba, adzuka?"

Tisiyenji akanatha kuwanamiza kuti mtima wawo ukhale pansi. Sanatero. Analankhula pang'onopang'ono kuti awerenge milomo yake bwino.

"Sindingalumbire, bambo. Koma tikamusiya chonchi, sadzuka."

Bamboyo anavula jekete lawo laulonda n'kukulungamo Tcheru. Dorica anaika tiana m'dengu. Mwini galimoto ina imene inabweretsa chimanga anatsitsa matumba ake n'kunena kuti akwere.

Kuchipatala, Dokotala Gertrude anakhala pampando chakumutu kwa galuyo, akuyang'anira mankhwala ogonetsa ndi kapumidwe kake. Mpeni unali m'manja mwa Tisiyenji. Aka kanali koyamba kuchita opaleshoni yotere popanda dzanja lina lomutsogolera, ndipo kunja kwa chitseko kunali munthu amene moyo wake wonse unagona patebulopo.

"Manja anga akuzizira, mayi," anatero.

"Azizire. Iwe yamba."

Anayamba. Anatsegula mosamala, n'kupeza kamwanako pamalo penipeni pamene chithunzi chinaonetsa. Anakasolola pang'onopang'ono. Kanali kakakulu, kakuda, kofooka ngati nsanza yonyowa. Sikankapuma.

Dokotala Gertrude anatambasula manja awo onjenjemera aja. "Ndipatse kuno. Iwe soka make."

Tisiyenji anapitiriza kusoka, maso ali pa Tcheru, khutu lili kumbali. Ankamva thaulo likukhuta pakathupiko, adokotala akupukuta mamina kumphuno kwake, n'kukhutanso. Nthawi inkapita. Anamanga ulusi wina, n'kumanganso wina. Mumtima anali atayamba kale kukonza mawu okawauza bambo Harrison.

Ndiye panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati chitseko cholira patali. Kanabwerezanso, mokweza. Kamwanako kanatambasula timiyendo, kukamwa kuli yasa, kakulira ndi mphamvu zake zonse.

Amayi awiriwo anayang'anana. Onse anali ataonapo zimenezi kambirimbiri, koma nkhope zawo zinali ngati za anthu oona koyamba.

Atamaliza kusoka, Tisiyenji anatuluka nako. Bambo Harrison anaimirira, maso ali pankhope pake. Kulirako sanakumve. Iye anawagwira manja, n'kuwakhazika kamwanako m'zikhatho. Anaona bamboyo akudzidzimuka pang'ono, chifukwa kathupi konse kankanthunthumira ndi kulira, ndipo kamtima kankagunda pakhungu lawo.

"Kakulira, eti?" anafunsa.

"Kakulira, bambo."

"Ndikukamva," anatero, misozi ikutsikira m'ndevu. "Ndikukamva m'manjamu."

Dzuwa litapendeka, Tcheru anatsegula maso. Anadzutsa mutu movutikira, n'kununkhiza tiana take kamodzikamodzi, kenaka anayamba kunyambita kakakulu kaja. Bala litapola anabwerera pachigayo, ndipo bambo Harrison akulonderabe mpaka pano.

Masiku ano Tisiyenji ndiye akuyendetsa kachipatalako. Alimi amachokera ku Mpingu, ku Nsaru ndi kwa Kabudula ndi mbuzi, ng'ombe ndi agalu awo. Azing'ono ake awiri anawaphunzitsa, ndipo mayi ake anawamangira nyumba yawoyawo, imene palibe angawatulutsemo.

Inu amene mwagwa mayeso, inu amene mukugwira ntchito imene anthu amaitsekera mphuno, musadziweruze ndi zimene maso akuona lero. Zina zimene Mulungu anaika mwa inu zikadali zanthete, nthawi yake yoonekera sinakwane. Dzukani m'mawa, gwirani chimene chili patsogolo panu, ndipo mukagwa mudzukenso. Osataya mtima, abale anga. Pitirizani.